Phunziro la Zamasewera: Kuphunzira Kamenyedwe ka Tenisi Kuchokera m'Buku



Teremu yathayi laibulale yathu inalandira katoni ya mabuku kuchokera kwa akufuna kwabwino. Pansi pa mabuku a masamu ndi sayansi panali buku limodzi la Chingerezi lophunzitsa tenisi, lachikuto chong'ambika koma lodzaza ndi zithunzi. Patangopita masabata awiri, kholo lina linatibweretsera maraketi anayi akale ndi mipira ingapo. Mwa ife aphunzitsi oyang'anira masewera panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo raketi. Mpira wamiyendo timaudziwa, wamanja timaudziwanso, koma masewera a tenisi tinkangowaonera pa kanema.

Tinachita zimene ambiri amachita akapeza buku lotere. Tinalitsegula pakati pomwe panali zithunzi zokopa maso, ndipo mutu woyamba, wonena za kagwiridwe ka raketi, tinaudumpha poti unkaoneka wotopetsa. Kwa masabata asanu ana athu ankagwira raketi ngati akupha ntchentche pa tebulo, ndipo kagwiridwe kake kanali kamodzi komweko pa mpira uliwonse. Mpira unkawoloka neti ndithu, ife n'kumaomba m'manja. Sabata yachisanu ndi chimodzi, mtsikana wina wa Fomu 3, yemwe anali wakhama kuposa onse, anatiuza kuti chigongono chikumupweteka mpaka akulephera kulemba bwino m'kalasi. Mayeso a teremu anali atayandikira. Apa m'pomwe tinabwerera pa tsamba loyamba n'kuona kuti bukulo linali litachenjeza kale za vuto lomweli. Wolakwa sanali mwanayo, ndipo silinali buku. Tinali ife.

Talemba phunziroli kuti amene mukulowa kalabu ya tenisi teremu ino musadutse njira yomweyo. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: buku la tenisi limawerengedwa kuyambira koyambirira, tsamba limodzi pa nthawi, raketi ili m'manja.

Kodi buku lingaphunzitse munthu masewera?

Lingathe, ndipo mbiri ya masewerawa ikuchitira umboni. Mu 1874 Walter Clopton Wingfield wa ku Britain anayamba kugulitsa tenisi ya pa kapinga m'mabokosi. M'bokosimo munkakhala maraketi, mipira, neti ndi kabuku ka malamulo. Anthu ambiri oyamba kusewera analibe mphunzitsi, ankangowerenga kabukuko n'kuyesa. Pofika 1877 mpikisano woyamba wa Wimbledon unachitika ku London. Chitsanzo chapafupi ndi nthawi yathu ndi Richard Williams wa ku America, yemwe sanakule akusewera tenisi. Iye anaphunzira zambiri m'mabuku ndi m'mavidiyo, kenako n'kuyamba kuphunzitsa ana ake Venus ndi Serena pa mabwalo a anthu onse ku Compton. Pa mipikisano ikuluikulu inayi ya pa dziko lonse, Serena anapambana ka 23 akusewera yekha, ndipo Venus ka 7. Patsogolo pake anawo anapita kwa aphunzitsi odziwa, koma maziko anachokera kwa bambo wowerenga.

Komabe buku lili ndi malire awiri amene tiyenera kuwadziwa. Choyamba, chithunzi chimaima pamene thupi siliima. Buku limadula kamenyedwe kamodzi m'zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo wophunzira wosachenjera amaima pa chithunzi chilichonse ngati msilikali pa perete. Zithunzizo ndi malo amene raketi imadutsa, si malo oimapo. Chachiwiri, buku silikuonani. Mukhoza kukhulupirira ndi mtima wonse kuti mukuchita zimene zili pa chithunzi pamene dzanja lanu likuchita zina. N'chifukwa chake buku limafuna mnzanu woti akhale maso ake.

Onaninso chaka chimene buku linalembedwa. Mabuku a nthawi ya maraketi amatabwa, amene anayamba kusowa m'zaka za m'ma 1980, amaphunzitsa kumenya ndi mkono wowongoka kwambiri kusiyana ndi mabuku a masiku ano. Izi zisakusokonezeni. Maziko amene tikambe pano ndi ofanana m'mabuku akale ndi atsopano omwe.

Dziwani bwalo ndi zida zanu

Bwalo la tenisi ndi lotalika mamita 23.77. M'lifupi ndi mamita 8.23 ngati akusewera anthu awiri, ndi mamita 10.97 ngati akusewera anayi. Neti ndi yotalika masentimita 91.4 pakati, ndipo pa mitengo ya m'mbali ndi masentimita 107. Mzere wodulira mabokosi oyambira masewera uli mamita 6.40 kuchokera pa neti. Bwalo la mpira wamanja ndi la mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, choncho la tenisi limakwana mkati mwake. Ife tinalemba mizere yathu ndi laimu pa bwalo lomwelo.

Mpira wa tenisi umalemera pakati pa magalamu 56 ndi 59.4. Raketi ya akuluakulu nthawi zambiri imatalika pafupifupi masentimita 68.5. Poyesa ngati chogwirira chake chikukukwanani, chigwireni bwinobwino, kenako lowetsani chala cholozera cha dzanja linalo pakati pa nsonga za zala ndi tsinde la chala chachikulu. Chikakwana bwino ndiye kuti kukula kwake ndi kwanu. Chogwirira chaching'ono kwambiri chimachititsa munthu kufinya, ndipo kufinya kumatopetsa mkono.

Gawo loyamba: kagwiridwe

M'mera m'poyamba. Mmene mwagwirira raketi ndi mmene zingwe zake ziyang'anire pokumana ndi mpira, ndipo komwe zingwe zayang'ana n'komwe mpira upite.

Imikani raketi chammbali ngati mpeni umene mukufuna kudulira chinthu, zingwe ziyang'ane kumanja ndi kumanzere. Tsopano yang'anani kumapeto kwa chogwirira. Muona kuti si chozungulira, chili ndi mbali 8. Mbali ya pamwamba ndi 1. Wogwiritsa ntchito dzanja lamanja awerenge molowera kumanja monga imayendera mivi ya wotchi, ndipo wamanzere awerenge molowera kumanzere. Kenako ikani kadontho ka inki m'chikhatho mwanu, patsinde penipeni pa chala cholozera. Kadontho kameneko ndi kamene muzikaika pa mbali yoyenera.

Kadontho kakakhala pa mbali 2, kagwiridwe kameneko mabuku amakatcha continental. Ndi mmene mumagwirira chikwanje kapena nyundo. Kamagwira ntchito poyamba masewera ndi pomenya mpira usanagwe pansi.

Kadontho kakakhala pa mbali 3, ndi eastern. Njira yachidule yokapezera ndi kugwirana chanza ndi raketi ngati mukupatsa moni munthu. Kameneka ndi kabwino kwa woyamba kumene pomenya mpira wa mbali ya dzanja lake lamphamvu.

Kadontho kakakhala pa mbali 4, ndi semi-western, kagwiridwe kamene akatswiri ambiri a masiku ano amakakonda chifukwa kamazungulitsa mpira kwambiri. Dikirani kaye, mudzakayesa mukakhazikika.

Cholakwa chathu chinali chotola raketi itagona pansi chafufumimba n'kumenya nayo mpira uliwonse momwemo. Mpira ukabwera mbali inayo, ana ankachita kupinda dzanja kuti zingwe ziyang'ane kutsogolo, ndipo mphamvu yonse ya mpira inkathera m'mitsempha ya kunja kwa chigongono. Kupweteka kwa malo amenewa n'kofala kwambiri mwakuti madokotala amakutchula ndi dzina la masewerawa, tennis elbow.

Gwirani mopepuka, monga mugwirira mwanapiye: asathawe komanso asabanike. Dzanja lilimbe pang'ono pokhapokha pamene mukukumana ndi mpira.

Zoti muchite: matani kapepala pa chogwirira n'kulembapo manambala 1 mpaka 4. Mnzanu azitchula nambala, inu muzisintha kagwiridwe mutatsinzina. Dzanja linalo ligwire pakhosi pa raketi n'kumaitembenuza. Chitani izi kwa mphindi zisanu tsiku lililonse kwa sabata yathunthu.

Gawo lachiwiri: mapazi

Owerenga buku amayang'ana dzanja la munthu wa pa chithunzi n'kuiwala mapazi ake. Koma mipira yambiri imene oyamba kumene amaphonya, amaiphonya chifukwa anaima malo olakwika. Podikira mpira, tangadzani miyendo kuposa pang'ono kukula kwa mapewa, pindani mawondo, thupi litsamire ku zala za kumapazi, ndipo raketi ikhale patsogolo pa mimba, manja onse awiri ataigwira. Pa nthawi imene mnzanu akumenya mpira, dumphani pang'ono chabe n'kutera ndi mapazi onse awiri. Kadumphidwe kameneka mabuku amakatcha split step, ndipo amene mumadikira pagolo mu mpira wamiyendo mumakadziwa kale. Kamachititsa kuti miyendo ikhale yokonzeka kuthamangira mbali iliyonse. Poyandikira mpira, masitepe oyamba akhale aatali, omaliza akhale aang'onoang'ono okonzera mpata. Musathamangire pa mpira penipeni. Siyani malo oti mkono ndi raketi zitambasuke.

Gawo lachitatu: forehand

Forehand ndi kumenya mpira umene wabwera mbali ya dzanja lanu lamphamvu, chikhatho chikuyang'ana komwe mpira ukupita. Tifotokoza za wogwiritsa ntchito dzanja lamanja. Wamanzere atembenuze zonse, ndipo zingamuthandize kuika buku patsogolo pa galasi kuti chithunzi chifanane naye.

Choyamba, tembenukani. Mukangoona kuti mpira ukubwera kumanja, tembenuzani mapewa ndi chiuno pamodzi mpaka phewa lamanzere liloze ku neti. Raketi ipite kumbuyo chifukwa thupi latembenuka, osati chifukwa mkono waikoka. Izi zichitike mpira usananjanje pansi mbali yanu.

Chachiwiri, tsitsani mutu wa raketi pansi pa msinkhu umene mukumanirane ndi mpira, uku phazi lamanzere likuponda chakutsogolo.

Chachitatu, kumanani ndi mpira patsogolo. Malo abwino ndi pamsinkhu wa chiuno, kutsogolo pang'ono kwa mwendo wakutsogolo, zingwe zitayang'ana ku neti. Mpira umakhudza zingwe kwa nthawi yochepa kwambiri, pafupifupi magawo 5 a magawo 1,000 a sekondi. Pa kanthawi kameneko palibe chimene mungakonze. Zonse zimakonzedwa mpira usanafike.

Chachinayi, malizani. Raketi ipitirire kutsogolo ndi m'mwamba mpaka ikathere pa phewa lamanzere, chidendene cha phazi lakumbuyo chitanyamuka, lamba wanu akuyang'ana ku neti. Amene amaimitsa raketi atangomenya amakhala atayamba kale kuchepetsa liwiro asanamenye.

Ulendo wonse wa raketi ndi wochokera pansi kupita m'mwamba. Zingwe zikamapukuta kumbuyo kwa mpira chokweza, mpirawo umazungulira chakutsogolo, ndipo mpweya umaukankhira pansi uli m'njira. Umakwera bwino pamwamba pa neti kenako n'kugwa msanga mkati mwa bwalo. A m'kalasi ya fizikisi adziwe kuti mphamvu imeneyi imatchulidwa ndi dzina la Heinrich Gustav Magnus wa ku Germany, amene anaifufuza m'zaka za m'ma 1850. Ndi yomweyo imene imakhotetsa mpira wamiyendo womenyedwa chammbali.

Zoti muchite: imani chammbali pa mzere wa mabokosi, gwetsani mpira ndi dzanja lamanzere, ulekeni unjanje kamodzi, kenako menyani mofatsa. Cholinga ndi chakuti mpira udutse pafupifupi mita imodzi pamwamba pa neti. Mukalowetsa mipira 7 mwa 10, bwererani m'mbuyo masitepe atatu.

Gawo lachinayi: backhand

Backhand ndi kumenya mpira wa mbali inayo, kuseri kwa dzanja lamphamvu kukuyang'ana komwe mpira ukupita. Ena, monga Roger Federer, ankamenya ndi dzanja limodzi. Ena, monga Novak Djokovic, amamenya ndi manja awiri. Ife tikulangiza woyamba kumene kuti ayambe ndi manja awiri, chifukwa dzanja lachiwiri limalimbitsa raketi ndipo chigongono sichisenza katundu chokha.

Dzanja lamanja likhale kumapeto kwa chogwirira pa continental. Lamanzere likhale pamwamba pake, litagundana nalo, ngati likufuna kumenya forehand yakeyake. Chinsinsi chimene tinachedwa kuchimvetsa n'chakuti dzanja lamanzere ndi limene limagwira ntchito yaikulu, lamanja limangoperekeza. Tembenukani mpaka phewa lamanja liloze ku neti, pondani chakutsogolo ndi phazi lamanja, kumanani ndi mpira patsogolo pa chiuno, ndipo malizirani pa phewa lamanja.

Vuto lofala ndi kuchedwa. Munthu amaopa mbali imeneyi, amadikira, ndipo mpira umamupeza uli kale pambali pa thupi. Mankhwala ake ndi kutembenuka msanga, osati kumenya mwamphamvu.

Zoti muchite: gwirani raketi ndi dzanja lofooka lokha, pamalo amene limakhala pa backhand, n'kumenya mipira 10 mofatsa. Kenako onjezani dzanja linalo osasintha kayendedwe.

Gawo lachisanu: serve

Serve ndi kumenya koyambira. Mumaima kuseri kwa mzere wakumapeto, kuyambira mbali ya kumanja, n'kumenya mpira mopingasa kuti ukagwe m'bokosi la mnzanu. Muli ndi mwayi uwiri, ndipo phazi lisaponde mzere musanamenye. Ndi kamenyedwe kokhako kamene mnzanu alibe nako gawo, choncho mungathe kukaphunzira nokha.

Kagwiridwe ndi continental, ngakhale kuti masiku oyamba kamamveka kachilendo ndipo mpira umathawira kumbali. Pirirani. Kugwira ngati wopha ntchentche kumalowetsa mpira lero, koma sikudzakupatsani liwiro kapena kuzungulira kwa mpira mawa.

Imani chammbali, phazi lakutsogolo liloze ku mtengo wa neti wa kumanja, lakumbuyo ligone motsata mzere. Gwirani mpira ndi nsonga za zala, osati m'chikhatho. Kwezani mkono wamanzere uli wowongoka, ndipo tsegulani zala dzanja likafika pamsinkhu wa mutu. Mpira ukwere molunjika, patsogolo pang'ono ndi chakumanja, mpaka upitirire pang'ono pomwe raketi yanu ingafike mutatambasuka. Mpira ukaponyedwa molakwika, musaumenye. Ugwireni muyambirenso, malamulo amalola.

Dzanja la raketi limachita zimene limachita pogenda mango m'mtengo wautali. Chigongono chimakwera kufika pamsinkhu wa phewa, mutu wa raketi umagwera kumsana, kenako zonse zimakwapukira m'mwamba. Raketi imakwera chammbali ngati chikwanje, ndipo pomaliza penipeni mkono umatembenukira kunja kuti zingwe zikumane ndi mpira. Menyani mutatambasuka, maso ali m'mwamba. Ovala mpango kumutu aumange bwino kuti usatsikire kumaso pa nthawi imeneyi.

Zoti muchite: gonekani raketi pansi patsogolo pa phazi lakutsogolo, chakumanja pang'ono. Ponyani mpira m'mwamba n'kuuleka ugwe. Ukagwera pa zingwe ka 6 mwa 10, mwakonzeka kumenya. Kenako ikani mipira iwiri mu sokosi yaitali, gwirani kukamwa kwa sokosiyo n'kuyeseza serve yonse. Mukaima pakati, mipirayo ikumenyani kumsana. Ikayenda osakukhudzani ndiye kuti kayendedwe kanu kalibe mfundo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: volley

Volley ndi kumenya mpira usanagwe pansi, muli pafupi ndi neti. Kagwiridwe ndi continental mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi yosintha palibe. Pano raketi sipita kumbuyo. Imakhala patsogolo pomwe maso anu akuiona, mutu wake uli pamwamba pa dzanja. Osewera mpira wamanja amaphunzira msanga chifukwa zili ngati kuwakha: mumatambasulira dzanja kwa mpira n'kuponda chakutsogolo ndi phazi la mbali inayo. Mphamvu imachokera ku sitepeyo ndi ku liwiro la mpira womwewo. Mpira ukabwera motsika, pindani mawondo, musagwetse mutu wa raketi.

Zoti muchite: imani chagada ku khoma, msana utatsala pang'ono kuligunda. Mnzanu aziponya mpira ndi dzanja. Raketi ikagunda khoma ndiye kuti mwaibweza kwambiri.

Khoma, mnzanu ndi chithunzithunzi

Maraketi anayi sangakwane kalabu yonse nthawi imodzi, koma pali aphunzitsi atatu amene safuna malipiro.

Woyamba ndi khoma. Björn Borg wa ku Sweden, amene anapambana Wimbledon zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1976 mpaka 1980, ali mwana ankakhalira kumenya mpira pa chitseko cha galaja. Sankhani khoma lopanda mawindo, lembani mzere ndi choko pa masentimita 91 kuchokera pansi, ndipo imani mamita 6 kapena 7. Khoma limabweza mpira msanga kuposa munthu, choncho menyani mofatsa, ndipo masiku oyamba muulole unjanje kawiri. Mipira yakale yophwa musataye, imayenda pang'onopang'ono ndipo imakupatsani nthawi. Ngakhale bungwe la International Tennis Federation limalimbikitsa kuti oyamba kumene azigwiritsa ntchito mipira yochedwa, yofiira, yaolenji ndi yobiriwira, asanafike pa yachikasu.

Wachiwiri ndi mnzanu. Mmodzi agwire buku, wina raketi. Wogwira buku ayang'ane chinthu chimodzi chokha pa mipira khumi: mwina phewa ngati latembenuka, mwina komwe raketi yathera. Mukauza munthu zinthu zisanu nthawi imodzi, sachita ndi chimodzi chomwe. Ndipo pouza mnzanu cholakwa chake, muuzeni zimene mwaona, osati kumuseka.

Wachitatu ndi chithunzithunzi chanu. Dzuwa likapendeka, liikeni kumbuyo kwanu n'kuyeseza popanda mpira. Chithunzithunzi cha pansi chikuonetsani ngati raketi ikuyendadi kuchokera pansi kupita m'mwamba.

Pali nthawi yotseka buku. Mpira ukakhala m'njira, mutu wodzaza ndi malangizo umamanga thupi. Timothy Gallwey, mphunzitsi wa ku America amene analemba The Inner Game of Tennis mu 1974, ankaphunzitsa anthu kutchula mawu amodzi mokweza pamene mpira wagunda pansi ndi ena pamene wakhudza zingwe. Ife timati "pansi" ndi "menya". Maganizo akatanganidwa ndi kuyang'ana mpira, thupi limachita zimene linayeseza. Werengani musanalowe m'bwalo, ganizani poyeseza popanda mpira, koma mpira ukabwera, ungouyang'anani.

Dongosolo la masabata asanu ndi limodzi

Sabata 1: kagwiridwe, mapazi, ndi kunjanjitsa mpira pa zingwe, m'mwamba ndi pansi.
Sabata 2: forehand yogwetsera mpira wekha, kenako ya pa khoma.
Sabata 3: backhand, motsata njira yomweyo.
Sabata 4: kubwezerana awiriawiri mkati mwa mabokosi. Cholinga ndi mipira 10 osaduka, osati kugonjetsana.
Sabata 5: kuponya mpira m'mwamba, sokosi, kenako serve yathunthu.
Sabata 6: volley, ndi kuwerenga zigoli: 15, 30, 40, kenako gemu.

Tsiku lililonse yambani ndi kuthamanga pang'ono komanso kuzunguza mapewa ndi manja kwa mphindi zisanu. Bwerani ndi madzi akumwa ndi nsapato za pansi pafulati. Chigongono, phewa kapena dzanja likayamba kupweteka, siyani pomwepo ndipo mutiuze. Kupweteka kukapitirira masiku angapo, kaonaneni ndi achipatala. Musalowe sabata yotsatira musanakwanitse ya m'mbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso obwereza

1. Tchulani mbali ya chogwirira imene kadontho kamakhala pa continental ndi pa eastern. Kagwiridwe kalikonse kamagwira ntchito pa kamenyedwe kati?
2. N'chifukwa chiyani kutembenuka kuyenera kuchitika mpira usananjanje mbali yanu?
3. Fotokozani mmene kuzungulira chakutsogolo kumathandizira mpira kugwa mkati mwa bwalo.
4. Pogwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras, pezani kutalika kwa bwalo la anthu awiri kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo. Yerekezani ndi mamita 23.77, ndipo ganiziraninso kutalika kwa neti pakati ndi m'mbali. Kodi mpira womenyedwa mopingasa ndi womenyedwa motsata mzere, wosavuta kulowetsa ndi uti?
5. Tchulani zinthu ziwiri zimene buku silingakuchitireni, ndi mmene mungazipezere pano pa sukulu.

Mayankho mupereke kwa aphunzitsi a zamasewera lisanafike tsiku lotsatira la kalabu.

Mawu omaliza

Mtsikana wa Fomu 3 uja anapuma masabata atatu, analemba mayeso ake bwinobwino, ndipo anabwerera n'kuyambira pa sabata 1 pamodzi ndi ana a Fomu 1. Zinamuwawa kuona mpira umene kale unkalowa ukuthawira kumbali, ndipo kusiya chizolowezi chakale kunamutengera nthawi yaitali kuposa imene anachiphunzirira. Lero amamenya backhand ndi manja awiri, chigongono chili zii, ndipo ndi iye amene amayendera manja a obwera kumene kuona ngati kadontho kali pamalo pake.

Bukulo lili pa shelefu ya zamasewera mu laibulale. Silituluka kunja kwa sukulu poti ndi limodzi lokha, koma mungathe kukopera mfundo ndi zithunzi m'kope lanu. Makolo amene muli ndi raketi kapena mipira yakale imene ikungokhala, tidzailandira ndi manja awiri. Ndipo ngati pakati panu pali wina amene anasewerapo tenisi, bwerani tsiku limodzi mudzatione. Buku latifikitsa apa, koma diso la munthu wodziwa lingationetse zimene ife tikuphonyabe.

Ndife aphunzitsi anu oyang'anira masewera.